Tinjerwa ta ku Joni ndi Chala cha Jailos

Jailos Nampinga anali wamanzere chibadwire. Mpeni wodulira tiyi ankaugwira ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kumagwira nthambi, ndipo pa esiteti yonse ija ya m'tsinde mwa phiri panalibe wina wodulira mosalala ngati iye. Ndiye tsiku lina m'mwezi wa Juni, chiperoni chikuwaza, mpeni uja unaterereka panthambi yonyowa n'kukatera padzanja lamanja, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Kuchipatala anamusoka bwinobwino, bala linapola, koma zala ziwirizo zinakana kudzuka. Zinangouma gwa, zitapindikira mkati.

Chinali chaka chija cha chilala, 1992, pamene chimanga chinapsa chisanamasule, ndipo ngakhale tiyi, amene sadziwa kudandaula, anafiira m'mphepete. Chaka chotere kampani siisunga munthu chifukwa cha nkhope. Mwezi wa Sepitembala uli pakati, kapitawo Pilato anabwera kumalayini, kunyumba za antchito, n'kukhala pachitsa cha pakhomo pa Jailos, chipewa chili pabondo. Dzina lokhalo ndi limene linkaopsa. Mwini wake anali munthu wofatsa, wosadziwa kubweretsa uthenga woipa.

"Moseliwa, mwadzuka bwanji a Nampinga? Dzanja likuti bwanji?"

"Likupezako bwino, akapitawo," anatero Jailos, atalibisa m'khwapa.

"Ine ndangotumidwa, musandiyang'ane choncho. Akuti mvula ikagwa, tiyi akaphuka, aliyense alowe m'munda. Amene sathyola ndi manja onse awiri asiye dengu pasikelo, m'nyumba mulowe wina."

Mawu akuti kusiya dengu panalibe wosawadziwa pamalayinipo. Dengu ndi la kampani. Munthu akathyola tiyi amapita nalo kusikelo, kalaliki amayeza, amakhuthula, n'kumuponyera dengu lake kuti abwerere m'munda. Koma tsiku limene ntchito yako yatha, kalaliki sakuponyera. Amangoliika pamulu kumbuyo kwake, osakuyang'ana n'komwe. Jailos anali ataonapo amuna a ndevu zawo akuchoka pasikelo manja ali lende, akazi awo akumanga kale mitolo kunyumba.

Nanga iye akachoka alowera kuti? Kwa mayi ake, cha ku Muloza, malo anatha kalekale. Kotsala kunali ku Chinakanaka, kwawo kwa mkazi wake Emelda, kukayamba chikamwini ndevu zitamera kale imvi, pakamunda kochepa ngati mpango, pamaso pa amalume ake a mkaziyo amene sanamukondepo chiyambire. Mkamwini wa manja awiri amanyozeka kale, nanga wa dzanja limodzi? Akaganiza zimenezi mtima unkamuwawa kuposa bala. Nyumba ya kampaniyo inali ya zipinda ziwiri, yodontha pakona, koma ndi mmene anabadwira mwana wawo Lily, ndipo pakhomo pamenepo tambala anali iye.

Dokotala wa pakiliniki ya esiteti anamupatsa mankhwala amodzi okha. "Zala zimenezi zisagone. Mangani mpira wa nsanza, muzifinya tsiku lonse." Jailos anafinyadi, masiku angapo. Koma abale, mpira wa nsanza ndi chinthu chogwetsa ulesi. Ukaufinya bwino suyankha, ukaufinya moipa suyankha, ndipo dzuwa likamalowa sudziwa ngati wapita patsogolo kapena wabwerera m'mbuyo. Choipitsitsa chinali chifundo cha anthu. Amayi opita kumpopi ankaima n'kupukusa mitu, "Pepanitu a Nampinga, Mulungu alipo," ngati afika pasiwa. Tsiku lina anauponya padenga mpirawo, n'kukhala pakhonde kumangoyang'ana phiri.

M'masiku amenewo ndi mmene anatulukira Lyson, mlongo wake wa Emelda, amene ankaphika m'nyumba ya mzungu wina ku Joni. Anafika atavala jekete lachikopa, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, thukuta lili chuchuchu koma osavula, poti anthu anayenera kuliona. Anapatsa Emelda bulangeti, Lily nsapato. Atafika pa mlamu wake anakanda m'mutu, kenaka anapisa m'thumba n'kutulutsa kanthu kamene ankadzisangalatsa nako paulendo.

"Alamu, inu poti mwasanduka bwana wokhala pakhonde, nayi ntchito ya mabwana."

Kanali kapulasitiki kotuwa, kotalika ngati sopo wochapira, kokhala ndi kagalasi kumtunda ndi mabatani achikasu kumunsi: kumanzere ang'onoang'ono, kumanja limodzi lalikulu. Lyson anakadina, kanalira tii-tii, ndipo m'kagalasimo munayamba kugwa tinjerwa takuda, tina tokhota, tina tamakona anayi, tikutsika pang'onopang'ono kuchokera kumwamba.

"Ku Joni amati gemu. Inu muzingotisanja tinjerwati. Zina ndidzakuuzani pobwera, basi ingandisiye."

Anathamangira ku Chinakanaka kukaona mayi ake. Jailos anali ndi mafunso, koma munthu wamkulu angafunse mlamu wake wamng'ono za chidole? Anangoti kukamwa tseke. Safunsa anadya phula.

M'mawa mwake, anzake onse atapita m'munda, malayini ali zii, anakatola kagemu kaja, n'kukaika pabondo, n'kuyamba kudina ndi dzanja lamanzere. Sipanatenge nthawi kuti aone kuti mabatani ang'onoang'ono aja amakankhira kanjerwa uku ndi uku kapena kukagwetsa msanga. Lalikulu lija analidina kamodzi, kanjerwa kanatembenuka, iye n'kuti zimenezo n'zokometsera chabe, analisiya. Ndipo poti anali munthu wa tiyi kuyambira kumutu mpaka kuphazi, anangoyang'ana kagalasiko n'kumvetsa zonse nthawi yomweyo, kapena kuti ankaganiza choncho. Kagalasiko ndi dengu. Tinjerwato ndi masamba. Ntchito ya munthu ndi kudzaza dengu mpaka pakamwa.

Anagwetsa tinjerwa kamodzikamodzi mpaka mulu unagunda pamwamba. Pompo kagemu kanaimba kanyimbo, kagalasi kanaphethiraphethira, zonse n'kuyambanso.

"Mgwazo watha!" anafuula yekha pakhondepo, ndipo anaseka koyamba chivulalire.

Tsiku lachiwiri ndi limene kunagwa mlandu. Mwangozi tinjerwa tinakhala bwino kuchokera kumphepete mpaka kumphepete, mzere unadzaza popanda bowo. Mzerewo unaphethira, n'kuzimiririka, mulu wonse n'kutsika. Jailos anadzuka pampando.

"Amake Lily! Bwerani mudzaone wakuba!"

Emelda anatuluka kuseri manja ali ndi thovu la sopo. "Wakuba ali kuti, abambo a Lily?"

"Uyu! Ndasanja bwinobwino, kandidula! Ndendende za pasikelo tsiku la mvula, amati masamba anyowa tichotsapo. Ngakhale ku Joni kuli akalaliki, eti?"

"Inu mwandisiyitsa zochapa chifukwa cha zimenezi?"

Kuyambira pamenepo Jailos anakachenjerera kagemu. Ankasiya dala mabowo mumzere uliwonse kuti wakubayo asapeze pogwira. Dengu linkadzaza mofulumira, kanyimbo kankaimba, iye n'kugwedeza mutu ngati wamaliza munda. Anzake akaweruka ankasonkhana pakhonde pake kudzaonerera. Wina akayesa, mzere n'kumuzimiririkira, gulu lonse linkafa nacho chiseko kuti wabetsa masamba. Jailos ndiye anali katswiri wa malayini onse. Koma kunena zoona, sabata yachiwiri isanathe, kukoma kunayamba kufwifwa. Chinthu chimene umachigonjetsa nthawi zonse, ndi dzanja limodzi, ukuyankhula ndi anthu, sichichedwa kutopetsa. Dzanja lamanja lija linali likadali m'khwapa.

Lyson anabweranso tsiku Lamulungu, anthu atatuluka kutchalitchi, kudzatsanzika. Pakhonde panali podzaza. Jailos anakonza kukhosi, n'kuti alamu aone mmene anthu a tiyi amachitira. Anagwetsa tinjerwa motsatizana, phaphapha, mulu unagunda pamwamba munthu asanamalize kusenda nthochi. Kanyimbo kanaimba, anthu anaomba m'manja.

Lyson anayang'ana kagalasi, anayang'ana mlamu wake, kenaka anakhala pansi penipeni padothi ndi jekete lake lija, akuseka mpaka misozi.

"Alamu! Nyimbo imeneyo ndi ya maliro! Mwafatu apa! Masabata onsewa mwakhala mukufa, anthu n'kumakuomberani m'manja!"

Analanda kagemu, n'kukagwira ndi manja awiri. Chala chakumanzere chinkakankha, chakumanja chinkatembenuza kanjerwa palibatani lalikulu lija mpaka kapeze polowa. Mzere unadzaza, unazimiririka. Wina unazimiririka. Manambala a pakona, amene Jailos sankawasamala, anayamba kukwera.

"Mwaona? Mzere ukadzaza umachoka, ndiye kupambanako. Mukagunda pamwamba ndiye kuti mwatha."

"Nanga mgwazo wake uli pati?" anafunsa Jailos. "Kamatha liti?"

"Kalibe mgwazo aka. Kamangothamangirathamangira mpaka kakugwetseni. Luso lake n'kukhalitsa basi."

Amuna aja amene ankasekedwa kuti abetsa masamba tsopano anayamba kubweza ngongole ya chiseko. Zimenezo Jailos akanapirira. Chimene chinamulasa ndi chakuti Lyson, atapukuta misozi, anayang'ana dzanja lija m'khwapa, nkhope yake n'kusintha. Mawu ake anafewa ngati a amayi a kumpopi aja.

"Koma izi n'za manja awiri, alamu. Batani lalikululi ndi la chala chakumanja. Ine sindinaganize. Bweretsani ndikawasiyire ana kumudzi, musadzivutitse."

Jailos anamva manyazi ndi mkwiyo zikukwera pamodzi mpaka m'makutu.

"Kasiyeni pomwepo," anatero.

"Alamu, ine ndimangoti..."

"Ndati kasiyeni pomwepo. Muyende bwino."

M'mawa mwake anatulutsa dzanja lamanja m'khwapa, n'kuliika pakagemu ngati akuika mlendo pampando. Chala chachikulu chinagona pabatani osagwedezeka. Anachiuza mumtima kuti dina, sichinamve. Anakankha ndi mkono wonse kuchokera paphewa, ululu unathamanga mpaka m'chigongono, batani linalira tii, koma kanjerwa kanali katatera kale chagada. Anayesanso, chimodzimodzi. Kanyimbo kaja, kamene dzana kankamukomera, tsopano kankamveka ngati kakumugeza. Dzuwa lisanafike pamutu anali atafa kambirimbiri, malaya ali nyowe, ndipo anaimirira kuti akaponye padenga pafupi ndi mpira wa nsanza.

Sanakaponye. Chinamugwira mkono n'chakuti kagalasi kanali katayera kale, kanjerwa katsopano kakutsika, ngati palibe chachitika. Kagemuko sikankakumbukira kuti walephera posachedwapa. Sikankapukusa mutu, sikankati pepani, sikankachepetsa liwiro chifukwa munthu ndi wovulala. Kankamutenga ngati mwamuna wa manja awiri, ndipo pamalayini onsewo kanali kokha kotero. Anakhalanso pansi.

Linali tsiku lachingapo, masana, pamene chala chinagwedezeka chokha, pang'ono chabe, panthawi yake. Kanjerwa kokhota kanatembenuka m'mwamba, kanatsetsereka m'bowo lake, thi. Mzere unaphethira, unazimiririka. Jailos anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Munthu yemweyo amene anatukwana wakuba, tsopano ankavina pakhonde chifukwa waberedwa. Kukoma kwake sikunali ngati kwa kale kuja. Kunali kukoma kwa chinthu chimene wachikhetsera thukuta, ndipo kunangomuwonjezera ludzu.

Musaganize kuti kuyambira apo zinayenda myaa. Kagemu kaja kanali ndi nkhanza zake, ndipo Jailos anazilawa zonse. Panali kanjerwa kena kowongoka, kakatali, kamene iye ankakatcha ndodo. Ankasanja bwino mizere ingapo, n'kusiya mpata wowongoka kumphepete kudikira ndodoyo kuti idzachotse yonse pakamodzi. Ndiye kagemu kankatumiza tokhota tokhatokha, kena pambuyo pa kanzake, mulu n'kumakwera, mtima n'kumagunda. Akatopa n'kutseka mpatawo, ndodo ndi imeneyo, ngati basi ya ku Muloza imene imatulukira iwe utayamba kale kuyenda pansi.

"Unali kuti nthawi yonseyi, mfiti iwe?" ankaifunsa mokweza, anthu odutsa n'kumatembenuka.

China chinkamupweteka n'chakuti zonse zimene wachita bwino zinkazimiririka, koma cholakwa chilichonse chinkatsala pomwepo, bowo lakuda likumuyang'ana, mpaka alikumbe ndi manja ake. Ndiye panali liwiro. Ukangoyamba kudzimva kuti wadziwa, tinjerwa tinkayamba kugwa ngati matalala. Poyamba akaona liwiro ankachita mantha, n'kumangogwetsa paliponse, ndipo imfa sinkachedwa. Pang'onopang'ono anaphunzira kuti pamene pathina ndi pamene pafunika kudekha, kusamala kanjerwa kamene kali m'manja, osayang'ana mulu.

Amene zinamukwana anali Emelda. Tsiku lonse tii-tii, tii-tii, ndipo mabatire akafooka mwamuna wake ankawayanika padenga pamodzi ndi makaka kuti dzuwa liwadzutse. Ufa m'nyumba unali wopima ndi maso. Tsiku lina anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Abambo a Lily, anzanu akusaka maganyu, inu muli pa njerwa za m'galasi zosamanga ngakhale khola la nkhunda. Mvula ikagwa mudzawaonetsa zimenezi akapitawo? Ngati tikupita kwathu ndiuzeni, nditumize uthenga kwa amalume ayambe kutifunira udzu."

"Kwa amalume anu ine sindipita."

"Ndiye mupita kuti? Ku Joni, kumene kuli tinjerwa tanuto?"

Masiku awiri otsatira mabatire anafa ndithu, dzuwa linalephera kuwadzutsa, ndipo Jailos ankangodina batani lalikulu pakagalasi kakufa, nkhope ili gwa. Masana a tsiku lachiwirilo akudya chinangwa chophika, anatambasula dzanja n'kutsina mchere m'kambale, n'kuwaza. Iye sanazindikire chilichonse. Koma Emelda anaona kuti mchere uja watsinidwa ndi dzanja lamanja, ndi zala ziwiri zija.

Tsiku la msika Emelda anamanga khadi la chipani pakona ya chitenje, poti popanda ilo anyamata a pachipata sakanamulola kulowa, anagwira thadzi lake limene ankalisungira Khirisimasi, n'kuyenda ulendo wa ku Chonde. Anabwera dzuwa litapendeka, mapazi ali mbuu, n'kuika mabatire atsopano pamwendo pa mwamuna wake.

"Musandithokoze," anatero. "Koma ndikangomva kanyimbo ka maliro kaja pafupipafupi, ndikalanda ndikapatse ana."

Mvula inachedwa, anthu mpaka anatopa kuyang'ana kuphiri, kenaka inabwera ndi ukali wake wonse. Patapita masiku ochepa minda ya tiyi inasanduka yobiriwira mowala, nsonga zanthete zili nyomi pamwamba pa tchire lililonse. Tsiku lija linakwana. Kutacha Jailos anabereka dengu kumsana, kagemu anakasiya pawindo, n'kulowa mumzere wa anthu opita kumunda. Emelda anatsatira chapatali n'kukaima pansi pa bulugama, m'mphepete mwa msewu.

Pilato anagawa mizere. Atafika pa Jailos anangoloza ndi ndodo yake, maso ali kumbali.

Kuthyola tiyi n'kutsina masamba awiri ndi kansonga kake, manja onse awiri akuyenda pamodzi, zikadzaza m'manja n'kuponya kumsana. Dzanja lamanzere linayamba ntchito ngati silinapumepo. Lamanja linatsina, linathyola, koma mochedwa, ndipo kutsina kulikonse kunkakoka chipsera. Jailos anadzutsa mutu n'kuona misana ya anzake ikutalikira, madengu awo akubiriwira kale. Wina anatembenuka kumuyang'ana ndi maso achifundo aja. Mantha anamugwira. Dzanja lamanzere linayamba kuthamanga lokha, kukokolola chilichonse, masamba okhwima ndi timitengo tomwe, lamanja n'kumangotsatira mwachinyengo pamwamba pa tchire. Dengu linayamba kulemera. Kungopitiriza choncho, likanadzaza pamodzi ndi a anzake.

Ndiye ali pakati pa mzere anaima. M'mutu mwake munamveka kanyimbo kaja, bwinobwino, tii-tii-tii, pamodzi ndi anthu akuomba m'manja. Anayang'ana m'mbuyo mmene wadutsa: tchire linali lokumbikakumbika, mabowo okhaokha. Anadziwa chimene akuchita, chifukwa anachichitapo kale masabata athunthu pakhonde pake. Pilato akapisa mkono m'dengumo aona ntchito ya dzanja limodzi, ndipo ngakhale akanapanda kuona lero, akanadzaona mawa.

Anatula dengu, n'kukhuthula zonse pansi pa tchire.

"A Nampinga apenga!" anafuula mayi wina wa mzere woyandikana. Pansi pa bulugama paja Emelda anagwira kumutu.

Jailos anaberekanso dengu lopanda kanthu. Sanayang'anenso misana ya anzake. Anayang'ana kansonga kamene kanali patsogolo pa chala chake, anakatsina, anakathyola. Kenaka kena. Kenaka kena. Chipsera chinang'ambika pang'ono pakona, madzi a masamba analowamo n'kuyamba kuluma ngati tsabola, iye analuma mano. Patapita nthawi manja awiriwo anayamba kumvana, uku kukankha, uku kutsina, ndendende mmene ankamvanirana pakagemu. Liwiro silinali la kale, koma lamanja silinabisalenso.

Wenzulo ya kusikelo inalira dengu lake litangopitirira theka.

Pasikelo panali mzere wautali. Kumbuyo kwa kalaliki kunali kale madengu awiri pamulu, ndipo mkulu wina amene chifuwa chinamufoola ankatsika msewu manja ali lende. Jailos anamuyang'ana mpaka anakhota. Nthawi yake itakwana, kalaliki anakoleka dengu, anayang'ana muvi wa sikelo, n'kutembenukira kwa kapitawo.

Pilato anapisa mkono mpaka pansi pa dengu, anatulutsa masamba odzaza dzanja, anawayang'ana, n'kuwasiya agwe. Anapisanso mbali ina. Onse anali anthete, awiriawiri ndi nsonga zake.

"N'zochepa izi, a Nampinga," anatero motsitsa mawu. "Kuofesi akandifunsa ndikati chiyani? Ndi zimenezi simungadyetse banja."

"Ndi ulendo woyamba, akapitawo. Zimayamba pang'onopang'ono, liwiro limabwera kutsogolo."

"Nanga aja mwataya m'munda aja?"

"Aja ndinathyola ndi dzanja limodzi. Inu munati awiri."

Pilato anatambasula dzanja lake lamanja ngati akupereka moni. Jailos anazengereza, poti chivulalire anali asanapatse munthu dzanja limenelo. Analitambasula, lobiriwira ndi masamba, kamagazi kakuyenderera pachipsera, n'kugwira. Anafinya ndi chala chachikulu mpaka Pilato anatsinzina diso limodzi.

Kalaliki anali atakhuthula kale masamba pachiguduli. Anaima dengu lili m'manja, pakati pa mulu wa kumbuyo ndi munthu wa patsogolo, akudikira. M'maso mwa Jailos munkabwera kamunda ka ku Chinakanaka ndi nkhope ya amalume aja.

"Mukudikira chiyani?" Pilato anakalipira kalaliki, akupukuta dzanja pathalauza. "Mponyereni munthu dengu lake, tiyi akukhwima m'munda."

Dengu linauluka. Jailos analiwakha m'mwamba ndi dzanja lamanja, zala ziwiri zija zitatsina mkombero. Anasuzumiramo. Munalibe kanthu, ngakhale tsamba limodzi, ntchito yonse ya m'mawa inali itazimiririka. Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo anaseka, chifukwa chibadwire anali asanakondwerepo chotero ndi chinthu chopanda kanthu.

Analikweza m'mwamba kuti Emelda alione kuchokera pansi pa bulugama paja. Kenaka analibereka kumsana, n'kubwerera pamene anasiyira mzere wake.